Kupeka nyimbo ya zoimbira zinayi pa mndandanda wa manoti 12, marimba ali momwemo

Munthu wofuna kupeka nyimbo ya kagulu kochepa ka zoimbira zosiyanasiyana pa mndandanda wa manoti 12 ayenera kuyamba wadziwa anthu amene adzaimbe nyimboyo ndi zida zimene ali nazo m'manja, ndipo mndandandawo ubwere pambuyo pake. Ophunzira ambiri amathamangira masamu a njira imeneyi, n'kudzaza mapepala ndi manambala, kenako n'kupeza kuti zimene alemba sizikukwana pa chida chilichonse chimene chili pafupi. Kuno ku Harare nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa oimba amene mungawapeze ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Mabvuku nthawi zambiri amachokera ku kwaya ya ku tchalitchi, ku bandi ya malipenga, kapena ku gulu la marimba la kusukulu, ndipo aliyense wa iwo ali ndi malire ake amene wopeka nyimbo ayenera kuwalemekeza.

Pa piyano kapena pa kiyibodi, mukayamba pa C n'kumakwera kiyi ndi kiyi osadumpha makiyi akuda, mumadutsa manoti 12 musanafike pa C wotsatira. Mndandanda ndi dongosolo limene inu mwasankha loyalira manoti onse 12, noti iliyonse ikuoneka kamodzi kokha, ndipo nyimbo yonse, ndi makodi ake omwe (manoti omveka pamodzi), imachokera m'dongosolo limenelo. Arnold Schoenberg wa ku Vienna ndiye anakhwimitsa njirayi pakati pa 1921 ndi 1923, ndipo ophunzira ake awiri, Alban Berg ndi Anton Webern, anaigwiritsa ntchito aliyense m'njira yakeyake. Mndandanda umangokuuzani noti yotsatira. Sukuuzani kuti noti ikhale yaitali kapena yaifupi, yokwera kapena yotsika, yofuula kapena yonong'ona, ndiponso sukuuzani chida chimene chiiimbe. Mukhozanso kubwereza noti imodzi kangapo musanapite pa inzake. Zonsezi zili m'manja mwanu, ndipo m'menemo ndi mmene muli nyimbo.

Choyamba, khalani pansi ndi oimba anu

M'malangizo ano titenga zida zinayi, clarinet, vayolini, cello ndi marimba a tenor. Kusakaniza zida za mabanja osiyana si chachilendo m'njira imeneyi, pakuti Webern mu 1930 anamaliza nyimbo ya vayolini, clarinet, tenor saxophone ndi piyano. Ngati simungapeze woimba cello kudzera ku Zimbabwe College of Music kapena kusukulu zimene zili ndi magulu a zida za zingwe, dzanja lamanzere la woimba kiyibodi likhoza kugwira ntchitoyo.

Pemphani aliyense kuti akuimbireni noti yake yotsikitsitsa ndi yokweretsetsa imene amaiimba mosavutika, ndipo muzilembe. Vayolini satsika kupitirira G wa pansi pa C wapakati (C wa pakati pa piyano), ndipo zingwe zake zinayi ndi G, D, A ndi E. Zingwe za cello ndi C, G, D ndi A. Clarinet imene imapezeka kwambiri ndi ya B♭, ndipo noti yake yotsikitsitsa imamveka ngati D wa pansi pa C wapakati. Koma chida chimene chidzalamulire ntchito yonse ndi marimba. Marimba a kusukulu a kuno, amene anakonzedwa ku Kwanongoma College of Music ku Bulawayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ambiri ali ndi manoti a kiyi ya C ndi F♯ woonjezera, kutanthauza C, D, E, F, F♯, G, A ndi B. Amenewa ndi manoti 8 mwa 12. C♯, E♭, A♭ ndi B♭ palibe. Ena akamva zimenezi amachotsa marimba n'kuikapo piyano, koma ine ndikuona kuti kutero n'kutaya chinthu chokhacho chimene chingachititse nyimbo yanu kumveka kuti inabadwira kuno.

Musanachoke, yesani marimbawo ndi pulogalamu yochunira ya pa foni. Matabwa amasintha pang'ono ndi chinyezi ndi ukalamba, ndipo ngati A wawo sali pa 440, muyezo wozolowereka wochunira zida, oimba vayolini ndi cello adzachuna zingwe zawo motsatira marimba, chifukwa matabwa simungawakonze tsiku loimba.

Chachiwiri, yalani mndandanda

Mu 1935 Berg analemba nyimbo yaikulu ya vayolini ndi gulu la oimba, ndipo mndandanda wake umayamba G, B♭, D, F♯, A, C, E. Mukatenga noti yoyamba, yachitatu, yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri mupeza G, D, A ndi E, zingwe zinayi za vayolini zija. Iye anaumba mndandanda moganizira chida, ndipo ifenso tichita chimodzimodzi ndi marimba. Tigawa manoti 12 m'timagulu tinayi ta manoti atatuatatu, ndipo m'kagulu kalikonse tiikamo noti imodzi yokha mwa zinayi zimene marimba alibe. Mndandanda umene ndapangira malangizo ano ndi uwu:

C, B♭, D | E, A♭, B | A, F♯, C♯ | G, E♭, F

M'kagulu kalikonse ka mndandandawu, marimba ali ndi manoti awiri mwa atatu, choncho sakhala chete nthawi yaitali. Onaninso kuti kagulu kachiwiri ndi kodi ya E major, poti A♭ ndi G♯ ndi kiyi imodzi, ndipo kachitatu ndi kodi ya F♯ minor. Opeka ena amapewa makodi odziwika ngati amenewa kuti khutu lisakokeredwe ku kiyi iliyonse, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Ine ndawasiya dala, chifukwa omvera amene anakulira m'nyimbo za kwaya amapeza pogwira akamva kodi yodziwika ikudutsa, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Mukalemba wanu, muuimbe ndi pakamwa musanapitirire. Kwa ozolowera solfa, C akakhala d, mndandanda wathuwu ndi d, ta, r, m, se, t, l, fe, de, s, ma, f. Poyamba lilime lidzakana, makamaka podumpha kuchoka pa de kupita pa s, koma ngati patapita masiku angapo simungathebe kuuimba pamtima, sinthani dongosolo la manoti awiri kapena atatu. Mndandanda umene wopeka wake sangauimbe sudzakhazikika m'makutu mwa oimba ake.

Chachitatu, pezani maonekedwe ena a mndandandawo

Apa ndi pamene manambala amathandiza. C akhale 0, C♯ akhale 1, D akhale 2, mpaka B amene ndi 11. Mndandanda wathu ukhala 0, 10, 2, 4, 8, 11, 9, 6, 1, 7, 3, 5. M'mabuku a nyimbo amautcha P0, poti ukuyambira pa 0. Mukauwerenga kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro mupeza R0. Mukauzondotsa, kuti pamene unakwera utsike ndi pamene unatsika ukwere mofanana, mupeza I0, ndipo njira yake ndi kuchotsa nambala iliyonse pa 12, kupatula 0 amene amakhala 0. Zotsatira zake ndi 0, 2, 10, 8, 4, 1, 3, 6, 11, 5, 9, 7. Wozondokayu mukamuwerenga chobwerera m'mbuyo ndiye RI0. Maonekedwe anayiwa angayambire pa noti iliyonse mwa 12, choncho onse pamodzi ndi 48. Kusamutsa mndandanda ndi kuphatikiza nambala imodzi pa manoti onse, ndipo yankho likafika pa 12 kapena kupitirira, mumachotsapo 12.

Tengani kope la masamu la timabokosi, mujambule bwalo la timabokosi 12 m'litali ndi 12 m'lifupi. Lembani P0 pamzere wapamwamba ndi I0 kutsika m'mbali ya kumanzere, kenako mudzaze mzere uliwonse pophatikiza nambala yake yoyamba pa P0. Mzere wachiwiri, umene ukuyamba ndi 2, ukhala 2, 0, 4, 6, 10, 1, 11, 8, 3, 9, 5, 7. Mukamaliza, yang'anani timabokosi todutsa chopingasa kuchokera pakona ya pamwamba kumanzere kufika pakona ya pansi kumanja. Tonse tiyenera kukhala ndi 0, ndipo pamene palibe 0, mzere umenewo uli ndi cholakwika. Mizere yowerenga kupita kumanja ndi ma P, kupita kumanzere ndi ma R, kutsika ndi ma I, kukwera ndi ma RI.

Musayese kugwiritsa ntchito onse 48. Pa nyimbo ya mphindi zitatu, maonekedwe anayi kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira, ndipo akachuluka palibe amene khutu lingawazindikire akabweranso.

Chachinayi, sankhani mindandanda yoyendera limodzi

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulitenge mofatsa, chifukwa ndi limene limatsegulira marimba njira. Zida ziwiri zikamaimba mindandanda iwiri nthawi imodzi, pamakhala ngozi yoti noti imodzi imveke kawiri moyandikana, ndipo noti yotereyi imayamba kumveka ngati mwini nyimbo. Schoenberg ankapewa zimenezi pophatikiza mndandanda ndi wozondoka wake wosankhidwa bwino, kuti manoti 6 oyamba a uwu ndi manoti 6 oyamba a winawo akwanitse 12 yonse popanda kubwereza. Mndandanda wathu unayalidwa kuti uchite zimenezi ndi I5, amene mumampeza pochotsa nambala iliyonse ya P0 pa 5, kapena pa 17 ngati nambalayo iposa 5:

F, G, E♭ | C♯, A, F♯ | A♭, B, E | B♭, D, C

Manoti 6 oyamba a P0 ndi C, B♭, D, E, A♭ ndi B, ndipo a I5 ndi F, G, E♭, C♯, A ndi F♯. Palibe yobwerezedwa. Tsopano ikani mindandanda iwiriyi wina pamwamba pa unzake, noti ndi noti. C akumana ndi F, B♭ ndi G, D ndi E♭, E ndi C♯, A♭ ndi A, B ndi F♯, ndipo m'theka lachiwiri awiriawiri omwewa akumananso atasinthana malo. Pa kukumana kulikonse, noti imodzi mwa ziwirizo ilipo pa marimba. Choncho clarinet ikhoza kutenga P0, vayolini n'kutenga I5, ndipo marimba n'kumadumpha pakati pawo, kutola noti imene ali nayo. Mzere wa marimba umene ukutuluka ndi C, G, D, E, A, B, A, F♯, E, G, D, F, umene mwana wa gulu la marimba la kusukulu angauphunzire madzulo amodzi. Manoti atatu oyamba a mzerewu ndi zingwe zitatu za cello zosagwira ndi chala, choncho cello akhoza kuyamba nawo nyimbo mozikoka ndi chala m'malo mwa uta.

Mukasamutsa mindandanda, mnzake wa P aliyense ndi I wa nambala yoposa ndi 5. Mnzake wa P7 ndi I0, ndipo pamenepanso marimba ali ndi noti pa kukumana kulikonse. Zimenezi zimatheka pa P0, P1, P5, P6, P7 ndi P11 pokha. Mukayesa P2 ndi I7, pa noti yachisanu ndi chimodzi C♯ akumana ndi A♭, ndipo woimba marimba adzangoima ndi timitengo m'manja. Mukhoza kugwiritsa ntchito malo oterowo mwadala pamene mukufuna kuti marimba apume. Ngati mwapanga mndandanda wanuwanu, fufuzani nokha kukumana kulikonse ndi pensulo, pakuti manambala amene ndatchulawa ndi a mndandanda uno.

Chachisanu, gawirani zida

Pali njira zingapo zoperekera mndandanda kwa oimba, ndipo nyimbo yabwino imazisinthasintha. Yosavuta ndi yoti chida chimodzi chiimbe manoti onse 12 ngati nyimbo yotsogolera, zinazo zikuperekeza. Ina ndi yodula mndandanda m'timagulu, clarinet n'kutenga C, B♭, D, vayolini n'kulandira E, A♭, B, cello n'kupitiriza, kuti nyimbo izisintha mtundu wa mawu ikuyenda. Webern anachita zimenezi kwambiri m'nyimbo yake ya zida 9 ya mu 1934, imene mndandanda wake wonse unachokera pa kagulu kamodzi ka manoti atatu. Njira yachitatu ndi yoimiritsa kagulu kukhala kodi, manoti atatu akumveka pamodzi. Oimba mbira a kuno ali ndi kaimbidwe kamene amakatcha kushaura ndi kutsinhira, wina akutsogolera ndipo wina akulowa m'mipata imene mnzake wasiya. Kaimbidwe kameneka kamayenda bwino kwambiri ndi P0 ndi I5, mukangochedwetsa vayolini ndi kugunda kumodzi kakang'ono kuti manoti ake agwere pakati pa a clarinet.

Kumbukirani kuti mawu a marimba amazima msanga thabwa likangomenyedwa, pamene clarinet ndi zida za uta zimatha kukoka noti nthawi yaitali. Muwapatse marimba manoti afupiafupi obwerezabwereza, ndipo mukafuna noti yaitali, woimbayo amenye thabwa limodzi mofulumira mosinthanitsa manja. Machubu a pansi pa matabwa amakhala ndi timabowo tomatidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kamene kamanjenjemera, ndipo kulira kwake kukhoza kumiza vayolini akamaimba motsitsa mawu. Pamalo oterowo kwezani vayolini pamwamba pa marimba, kapena pemphani timitengo ta mitu yofewa. Clarinet nayo ili ndi manoti ofooka pang'ono, kuyambira G mpaka B♭ wolembedwa pakati pa mizere isanu imene manoti amalembedwapo, choncho musaikepo pachimake pa nyimbo.

Marimba akamatola noti imene clarinet kapena vayolini akuimba kale, ayesetse kuiimba pa msinkhu womwewo. Noti imodzi ikamveka pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, imalemera kuposa zinzake zonse, ndipo n'chifukwa chake oyambitsa njirayi ankapewa ma octave.

Chachisanu ndi chimodzi, kagundidwe ndi mamangidwe

Nyimbo zambiri za ongoyamba kumene njirayi zimafera pano, chifukwa manoti onse amapatsidwa utali wofanana ndipo nyimbo imangoyenda ngati munthu akuwerenga manambala. Ngati mwasankha kagundidwe ka 12/8, kamene makutu a kuno anakazolowera, pali msampha woonekeratu, woti manoti 12 akwane ndendende mu bar imodzi (kachigawo ka nyimbo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira), mndandanda uliwonse n'kumayambira pa kugunda koyamba. Pewani zimenezi. Kokani noti yachitatu, dukizani pakati pa kagulu, lolani mndandanda uthere pakati pa bar ndipo wotsatira ayambire pomwepo. Pangani kagundidwe kamodzi kakafupi kodziwika, monga noti ziwiri zazifupi ndi imodzi yaitali, kamene kazibwera ndi kagulu koyamba nthawi zonse, chifukwa omvera amagwira kagundidwe msanga kuposa dongosolo la manoti.

Pa liwiro la kugunda 72 pa mphindi, kugunda kunayi pa bar, mphindi zitatu ndi ma bar 54. Mungawagawe patatu. Gawo loyamba liyende pa P0 ndi I5, clarinet ikutsogolera. Lapakati lisamukire pa P7 ndi I0, likhale lodekha, cello aimbe nyimbo yotsogolera ndi uta ndipo marimba angodontheza manoti apa ndi apo. Lomaliza libwerere kwawo chobwerera m'mbuyo, pa R0 ndi RI5, zida zonse zinayi zikulowana. Magawowa asafanane utali, ndipo lapakati likhoza kukhala lalifupi. Dziwani kuti R0 amathera pa C ndipo RI5 amathera pa F. Mukaika F pansi, akuimbidwa ndi cello, mathero adzamveka ngati nyimbo yafika pa kiyi ya F, ndipo mukaika C pansi, adzamveka ngati funso losayankhidwa. Yesani zonse ziwiri pa kiyibodi musanasankhe.

Kenako fufuzani ndi kukonza mapepala a oimba

Mukamaliza kulemba, tengani pensulo mulembe nambala 1 mpaka 12 pamwamba pa noti iliyonse motsatira malo ake m'mndandanda, ndi dzina la mndandandawo pamene ukuyambira. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma ndi imene imavumbula ♭ kapena ♯ woiwalika. Mukapeza noti yosemphana ndi mndandanda koma khutu lanu likuikonda, imvereni kangapo musanaifufute, ndipo mukaisiya, muisiye mukudziwa chifukwa chake. Musaike chizindikiro cha kiyi kumayambiriro kwa mizere, koma lembani ♯, ♭ kapena ♮ pa noti iliyonse imene ingakayikitse woimba. Pulogalamu ya MuseScore ndi yaulere ndipo imasindikiza pepala la chida chilichonse palokha.

Clarinet ya B♭ imamveka motsika ndi makiyi awiri kuposa zolembedwa, choncho pepala lake liyenera kukwezedwa pophatikiza 2 pa nambala iliyonse. Kuti P0 amveke, woimbayo awerenge D, C, E, F♯, B♭, C♯ ndi kupitiriza, womwe ndi mzere wachiwiri uja wa m'kope la timabokosi. Ngati m'malo mwa clarinet mwapeza alto saxophone, phatikizani 9, kuti C womveka alembedwe A. Woimba marimba amene sawerenga manoti a pa mizere mumulembere zilembo za matabwa kapena solfa, ndipo muike manambala a ma bar pa mapepala onse kuti poyeserera aliyense adziwe pobwerera. M'malo amene chida chakhala chete nthawi yaitali, lembani timanoti tating'ono ta chida chimene chikuimba kumapeto kwa kupumako, kuti wolowa asadalire kuwerenga kokha.

Tsiku loyamba kuyeserera, musayambe ndi kufotokoza za P ndi I. Imbitsani onse anayi mndandanda ndi pakamwa kawiri kapena katatu, kenako aliyense pa chida chake, mpaka ayambe kuuzindikira ukamachoka kwa mnzake kubwera kwa iye. Yeserani awiriawiri, clarinet ndi vayolini poyamba, kenako cello ndi marimba, pa liwiro lotsika ngati 50, musanawaphatikize onse. Jambulani zonse pa foni, mukamvetsere kunyumba muli ndi pepala m'manja, ndipo muike chizindikiro paliponse pamene chida china chamizidwa. Woimba akakuuzani kuti malo ena zala sizikufika, musasinthe dongosolo la manoti, koma samutsirani noti yovutayo pa octave ina kapena muipereke kwa chida china, kenako musindikizenso mapepala a onse anayi kuti pa kuyeserera kwachiwiri pasakhale wina wogwira pepala lakale.